Musagwetse Nyumba Chipukuta Misozi Chisanafike

Pakati pa 2009 ndi 2010, mabanja oposa 1,300 a ku Moatize m'chigawo cha Tete anasamutsidwa kuti kampani ya Vale ikumbe malasha, boma litavomereza. Oposa 700 mwa iwo anawapititsa ku Cateme, mtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchoka ku tauni. Anawalonjeza nyumba zamalata ndi munda wa mahekitala awiri banja lililonse. Anthu anakwera malole, midzi yawo inagwetsedwa.

Atafika anapeza hekitala imodzi, kwinanso nthaka yamiyala. Makoma a nyumba zatsopano anayamba kung'aluka. Msika womwe ankagulitsako makala, nkhuni ndi ndiwo unatsala kutali. Kobwerera kunalibe. Mu Januwale 2012 anatseka njanji yonyamula malasha, apolisi anawabalalitsa, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012 yonena za kasamutsidwe ka anthu. Anthu a ku Cateme anachoka atagwira lonjezo lokha, ndipo atachoka analibenso mphamvu yokambirana.

Chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Inu a ku Chiuaula ndi madera ena a Lichinga, msewu wa N13 wopita ku Mandimba ndi Cuamba muli nawo pafupi, njanji ya ku Cuamba inayambanso kuyenda mu 2016, ndipo tauni ikukula. Tsiku lina anthu oyeza malo adzapaka penti pakhoma la wina wa inu.

Ku Mozambique nthaka yonse ndi ya boma, ndipo malamulo aakulu a dziko amaletsa kuigulitsa. Chimene inu muli nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malowo. Lamulo la malo la 1997, Lei 19/97, limati ufuluwu mumaupeza mwa mwambo wa makolo, mwa kukhala pamalopo mosaba kwa zaka 10, kapena mwa kupempha ku boma. Kusowa pepala sikuuchotsa, ndipo umboni wa anansi, amuna ndi akazi omwe, umamveka. Choncho wina akakuuzani kuti "mulibe chikalata, simulandira kanthu," musagwe mphwayi.

Lamulo lomwelo limalola boma kuthetsa ufuluwu pofuna kumanga zothandiza anthu onse, koma limati chipukuta misozi choyenera chiyambe chaperekedwa. Decreto ya 2012 imawonjezera kuti anthu afunsidwe maganizo pamisonkhano yosachepera inayi, ndiponso kuti moyo wa wosamutsidwa ukhale wofanana ndi wakale kapena woposa.

Pali malo ena amene lamulo silikutetezani chimodzimodzi. Mamita 50 mbali zonse za njanji, 30 m'mbali mwa msewu waukulu ndi 15 m'mbali mwa misewu yaing'ono ndi malo otetezedwa, ndipo DUAT sipezeka pamenepo. Wokugulitsani puloti yotchipa pafupi ndi njanji akugulitsani mlandu, ngakhale a mfumu kapena mlembi wa bairro atakhalapo mboni.

Oyeza malo akabwera, yendani nawo limodzi. Onetsetsani kuti alemba chipinda chilichonse, chitsime, khola, mitengo ya mango ndi mapichesi, chimanga ndi nyemba za m'munda, ngakhalenso manda a makolo. Jambulani zonse pa foni. Mayi wa pakhomo dzina lake lilembedwe pamodzi ndi la bambo. Pepala lachipwitikizi limene simukulimva musasaine kapena kudinda chala. Pezani wokuwerengerani mu Chinyanja kapena Chiyao, ndipo kope lanu musunge. Malo atsopano kawaoneni nokha, mukumbe dothi lake, mufunse kumene kuli madzi, sukulu ndi msika. Mukaona zokhota, ofesi ya IPAJ imathandiza osauka pa milandu kwaulere.

Denga lanu musasule pokhapokha ndalama zalowa ndipo munda watsopano mwauponda ndi mapazi anu.