Kuchoka ku Mulanje kukakwera boti la thanga ku Likoma ndi Chizumulu

Munthu wokulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje amawadziwa madzi a Likhubula, Lichenya ndi Ruo, madzi oti ukaima tsidya lino umatha kuitana mnzako ali tsidya linalo. Nyanja ya Malawi siili choncho, ndipo mlembi wa nkhaniyi adaziona yekha mwezi wina wa July. Adagona masiku awiri pagombe ku Chizumulu mwera ukuwomba, ndalama yake ya ulendo itapita ndi munthu amene sadali mwini boti. Safuna kuti wina wa ku Chitakale, Chonde kapena Muloza akaone zomwezo.

Msewu suvuta kwenikweni. Wa minibasi adzere wa Midima kukafika ku Limbe, asazungulire ku Thyolo. Pa Limbe akwere ya ku Mangochi yodzera ku Zomba ndi Liwonde, kenaka ina ya ku Monkey Bay. Amene ali ndi galimoto yake angathe kudula podzera ku Phalombe ndi Jali n'kukatulukira ku Zomba, koma wodalira minibasi angotaya nthawi pamasiteji kudikira kuti idzaze. Anyamuke Lachinayi m'mawa ndipo akagone ku Monkey Bay komweko.

Chifukwa chake ndi sitima ya Ilala. Sitimayi idapangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo idayamba kuyenda panyanjayi mu 1951. Kwa zaka zambiri yakhala ikunyamuka ku Monkey Bay Lachisanu m'mawa, kufika ku Likoma Loweruka, n'kupitirira ku Chizumulu ndi Nkhata Bay. Koma ndi sitima yakale, nthawi zina imaima kuti ikonzedwe, choncho wapaulendo aimbe foni kudoko asadachoke pakhomo. Ena amati ndi bwino kuikwerera ku Nkhotakota pofuna kuchepetsa nthawi ya pamadzi. Mlembi sakugwirizana nazo. Ku Monkey Bay munthu amalowa m'sitima ndi miyendo yake, katundu ali m'manja, pamene m'madoko ambiri sitima imaima patali ndipo anthu amalimbirana timaboti tokawafikitsa, ena akuyenda m'madzi ofika m'chiuno chikwama chili pamutu. Amene thumba likumulola agule tikiti yapamwamba pomwe pamawomba mphepo. Pansi ndi potsika mtengo, koma pamadzaza matumba, madengu a usipa ndi anthu, moti wofika mochedwa amagona chokhala.

Likoma ndi Chizumulu ndi zilumba za Malawi zozingidwa ndi madzi a Mozambique. Sitima ikachoka, zotsala ndi maboti a injini ochepa ndi maboti a matanga, ndipo a matangawa ndiwo otsika mtengo. Ndi amatabwa, ali ndi mlongoti umodzi, thanga lake nthawi zambiri la zigamba. Amanyamula nkhuni zochokera tsidya la Mozambique, chinangwa, nsomba zouma ndi anthu, zonse pamodzi. Mulibe mipando, munthu amakhala pathumba kapena pamtanda wa boti. Mulibe denga, mulibe chimbudzi. Mnyamata mmodzi amakhalira kukapa madzi ndi chigubu chodula ulendo wonse, ndipo wachilendo asachite mantha ndi zimenezo, ndi momwe mabotiwa amayendera. Thanga likamatembenuzidwa aliyense amawerama, ndipo kaputeni akati anthu asunthire mbali ina, amasuntha osafunsa.

Nthawi yonyamukira imalamulidwa ndi mphepo. Ulendo wa pakati pa zilumba ziwirizi, zomwe zimaonana bwinobwino, ungathe kutha dzuwa lisadafike pamutu mphepo ikakhala yabwino, ndipo ungadye tsiku lonse ikaleka. Motero madzi akumwa, chipewa, chitenje chofunda ndi kamba wa tsiku lonse zisasiyidwe. Foni, chiphaso ndi ndalama zikulungidwe m'majumbo awiri.

Pa maboti a matangawa ndi pomwe mlembi adapwetekera. Atatsika Ilala ku Chizumulu usiku, adafuna kuwolokera ku Likoma patatha masiku angapo. Madzulo ena pagombe padabwera bambo wovala bwino, wolankhula mwaulemu.

"Achimwene, mukupita ku Likoma? Boti ndi langa ilo. Mawa mbandakucha tinyamuka, koma malo atsala awiri okha. Perekanitu lero kuti ndikusungireni."

Adapereka yonse, ya mutu ndi ya katundu. Kutacha, boti lidalipodi pomwe lidali dzulo, koma kaputeni wake adali munthu wina, mkulu waimvi amene adamvetsera nkhani yonse modekha.

"Mwanawe, ine sindilandira ndalama pamtunda. Ndipo lero sitiyenda, taonani nyanja."

Dobadoba uja sadaonekenso. Atafunsa amayi amene ankayanika usipa pathandala, mlembi adamva kuti mtengo umene adalipira udali wowirikiza kawiri umene eni mudzi amapereka. Pamenepa pali zinthu zitatu zoti wapaulendo asunge. Mtengo aufunse kwa anthu amene akudikira boti lomwelo, makamaka amayi a geni, asadalankhule ndi aliyense wodzitcha mwini. Agwirizane za katundu padera, poti thumba lililonse lili ndi mtengo wake. Ndipo ndalama ipite m'manja mwa amene wagwira chiwongolero, boti litanyamuka kapena pofika.

Kukana kwa mkulu uja kudali kwa nzeru. Mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, umawomba mwamphamvu kuyambira cha mu May mpaka August, nthawi yomwe ku Mulanje kumakhala chiperoni. Umautsa mafunde aatali oti boti lodzaza silingapirire. Sitima yachitsulo ya Vipya idamira pa 30 July 1946 kumpoto kwa nyanjayi, anthu 145 n'kufa. Kaputeni akakana kunyamuka, wapaulendo asamuumirize ndipo asafunefune wina wolimba mtima. Nyengo ya mvula nayo imabwera ndi mpoto ndi namondwe wadzidzidzi. Mlembi akadabwereranso akadasankha kumapeto kwa September kapena October, ngakhale dzuwa lake ndi loswa mtengo. Majekete oyandamitsa munthu sapezeka m'boti lililonse, choncho woyenda ndi ana ayambe wawaona ndi maso asadakwere.

Kuchoka ku Likoma kupita ku Cobue, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndi ulendo waufupi wosakwana makilomita 10. Anthu a ku Mulanje adazolowera kudumpha pa Muloza kupita ku Milange ngati akupita kumsika wa kwawo, ndipo chizolowezi chimenecho chingawaike m'mavuto kuno. Adinditse chiphaso ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka ku Likoma asadakwere boti, akadinditsenso akafika tsidya, ndipo ndalama iliyonse imene angauzidwe kuti alipire apemphe lisiti. Mametikali, ndalama za ku Mozambique, ndi bwino kuwatenga kale kuchokera kwawo, poti kumeneko amadziwa mtengo wosinthira.

Za ndalama, mlembi sakutchula mitengo dala. Kwacha idagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mtengo wolembedwa lero sukhalitsa. Chofunika ndi kutenga ndalama yapamanja yokwanira ulendo wonse, kuwonjezapo ya masiku atatu ogona modikira mphepo, yambiri ikhale ya masamba ang'onoang'ono chifukwa m'boti chenje chimasowa. Airtel Money ndi Mpamba zimathandiza ku Likoma, koma ma ejenti amatha kukhala opanda ndalama, makamaka tsiku la sitima.

Chakudya cha kumeneko ndi kondowole, usipa ndi utaka, ndipo wozolowera nsima ya chimanga angatenge kaufa kake. Neti ya udzudzu atenge, ndipo amene wasamba m'madzi osayenda a m'mabango akayezetse likodzo akabwerera. Mphatso yabwino kwa amene amusunga ndi masamba a tiyi ndi nanazi za kwawo, zomwe kuzilumbako sizipezeka wamba. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chomwe adayamba kumanga mu 1903, chili pa Chipyela, mtunda woyenda pansi kuchoka padoko la Mbamba ku Likoma.

Pobwerera, Ilala yakhala ikudutsa ku Likoma Lachiwiri n'kufika ku Monkey Bay Lachitatu. Amene ali ku Cobue ndipo akudalira boti la thanga kuti akaipeze, awoloke Lamlungu. Akaiphonya, adikira sabata yathunthu kapena alipira boti la injini kupita ku Nkhata Bay, n'kuyamba ulendo wautali wa basi wodzera ku Salima ndi Balaka.