ZA GALIMOTO YAKALE IMENE IKANA KULIRA

Kwa inu eni mabanja amene musunga galimoto yakale ya kunyamulira cimanga, mtedza ndi fetereza, ndi kutengera odwala ku cipatala usiku. Galimoto yotere ikaima dzinja lonse pansi pa mtengo, kawiri kawiri ikana kulira pa tsiku lomwe muifuna. Ndipo ambiri ataya ndalama za mbeu zao pogula zitsulo zatsopano, pamene cobvuta cinali waya mmodzi wa dzimbiri. Tinena za Land Rover ya petulo ya mtundu wa Series IIA, imene anaipanga ku Solihull, m'dziko la England, kuyambira 1961 kufikira 1971. Injini yace iri ndi masilinda anai, ndipo mau awa athandizanso pa galimoto zina zakale za kabureta ndi mapointi, monga Peugeot 404.

Poyamba musagwire sipanala, koma cherani khutu. Injini ifuna zinthu zinai kuti ilire: mphamvu ya kuizunguza, moto pa mapulagi, petulo, ndi mpweya wopanikizika m'masilinda. Kamvekedwe kace kakuuzani cimene casowa.

Mukaliza sitata, ndipo mumva "kha" yekha, kapena injini izungulira mwaulesi, yatsani nyali za kutsogolo ndi kuyesanso, mnzanu alikupenya. Nyali zikathima, batire yafoka, kapena mitu yace yada. Masulani mituyo, muitsuke ndi madzi otentha ndi soda yemwe amai aphikira therere, muipale ndi msasa kufikira iyere, ndi kuimanga kolimba. Musaiwale waya wonenepa wocokera ku batire kunka ku citsulo ca galimoto, pakuti dzimbiri libisala pomwepo. Batire yodzala ionetsa mavoti 12.6 pa coyesera. Madzi ace akacepa, thirani madzi a batire okha, osati a pa citsime iai. Koma nyali zikakhalabe zowala, batire iribe mlandu. Cobvuta ciri pa swichi, kapena m'sitata momwe. Nthawi zina mano a sitata akanirira pa gudumu la injini: thimitsani kiyi, ikani giya yomariza, ndi kugwedeza galimoto kutsogolo ndi kumbuyo kufikira mumve kuti amasuka.

Cenjerani ndi ici pobwereka batire ya mnansi. Land Rover zimene anapanga cisanafike caka ca 1967 zinacoka ku fakitale mutu wa + uli womangika ku citsulo ca galimoto, ndipo za m'tsogolo mwace mutu wa −. Zambiri anthu anazisintha kale, cifukwa cace penyetsetsani umo mawaya akhalira pa yanu musanacotse batire yakale.

Batire yofoka ikhoza kupatsa moto ngakhale yalephera sitata, ndipo apa handulo ithandiza. Cotsani giya, kokani handibuleki, gwirani handulo cala cacikuru ciri mbali imodzi ndi zala zinzace, ndipo muikokere m'mwamba, osaikankhira pansi. Injini ikabweza handulo, ithyola cala kapena mkono wa munthu wogwira molakwa. Ndipo mwini munda wothyoka mkono pa nyengo yokolola ali m'tsoka loposa la galimoto.

Tsono ngati injini izungulira bwino koma siigwira, lekani kuliza sitata. Masekondi 10 akwanira pa ulendo umodzi. Kupitirira apo mungotha batire. Funani moto. Zulani waya wapakati pa cibvindikiro ca distributa, uja wocokera ku koilo, muugwire ndi kamtengo kouma, nsonga yace italikire citsulo ca injini mamilimita 6, ndipo mnzanu azunguze injini. Mbaliwali yobiriwira, yolira "tha, tha", ndiyo yabwino. Ikakhala yofiira ndi yofoka, kapena palibe konse, tsegulani distributa ndi kupenya mapointi. Ndimo mukhala bvuto kawiri kawiri pa galimoto yoima nthawi yaitali, cifukwa nkhope zace zicita nguwi, ndipo magetsi sapita. Zipaleni pang'ono ndi msasa wosalala, ndi kupukuta ndi pepala loyera. Pamene atseguka kotheratu, mpata wace ukhale mamilimita 0.35 kufikira 0.40; mukasowa coyesera, kakhadi kopyapyala kakufikitsani ku garaja. Mapointi akapsa msanga msanga, kondensa ndiyo yatha, ndipo mtengo wace ngwocepa. Musasiye kiyi yotsegula injini iri cete, pakuti koilo itentha ndi kupsa.

Moto ukapezeka pa waya wapakati, koma sufika pa mapulagi, penyani rota ndi cibvindikiro. Kamng'alu konga tsitsi, kapena cinyezi ca mame a m'mawa, zikwanira kuba moto wonse. Pukutani m'kati ndi nsaru youma. Makoswe nawo akonda kumanga m'boneti ndi kudya mawaya. Ngati wina anazula mawaya a mapulagi, dziwani kuti moto uyenda motere: 1, 3, 4, 2, ndipo silinda yoyamba ndiyo ya kufupi ndi radiyeta. Mpata wa pulagi ukhale mamilimita 0.75 kufikira 0.80.

Pulagi yomwe mwamasula ikuuzani za petulo. Ikaturuka yonyowa ndi yonunkha, injini yamwa petulo wambiri. Bwezani choki m'kati, pondani moto kufikira pansi, osapopa phazi, ndi kuliza sitata comweco. Ikaturuka youma, petulo safika. Musakhulupire geji, koma pimani m'thanki ndi kandodo koyera. Pa mbali pa injini pali pampu, ndi kambale ka galasi, ndi kamkono kopopera ndi dzanja. Madzi alemera koposa petulo, motero muwaona atakhala pansi m'kambalemo pamodzi ndi matope. Khuthulani, tsukani sefa, ndi kubwezera bwino mphira yace, cifukwa ikalowa mpweya pampu sikoka. Kamkono kakakhala kopepuka, zunguzani injini kamodzi ndi handulo ndi kupopanso.

M'Malawi petulo asanganiza ndi ethanol wa nzimbe kuyambira 1982, pamene anayamba kumcheza ku Dwangwa. Ethanol akoka cinyezi, ndipo afewetsa mphira zakale za mapaipi ndi za m'pampu. Petulo wogona miyezi yambiri m'thanki asanduka wofiira ndi wa pfungo lacilendo. Mcotseni ndi kuthira watsopano. Musakoke petulo ndi pakamwa, musayese moto wa mapulagi paipi ya petulo iri yomasula, ndipo koloboyi ndi fodya zikhale kutari. Injini ikalira m'nyumba yotseka, utsi wace upha munthu asanazindikire kanthu. Tsegulani zitseko zonse.

Ine ndiletsa kawiri kawiri kukhudza tizitsulo tocunira kabureta, kapena kupotoza distributa. Galimoto imene inayenda bwino tsiku loimika siinasinthe yokha macunidwe ace, ndipo alangizi a pa bwalo, amene acuruka msanga boneti ikatseguka, ayambira pomwepo.

Moto ulipo, petulo alipo, koma injini ikanabe? Thimitsani kiyi, zunguzani handulo pang'ono pang'ono kawiri, ndipo muyenera kumva kulimba kanai kofanana. Kwina kukapepuka, valavu yakanirira kapena yapsa. Oilo akaoneka ngati thobwa, madzi alowa, ndipo gasiketi ya pamutu yang'ambika. Izi nza makaniko. Handulo ikakana kuyenda konse, makamaka mutaoloka mtsinje wodzala, musakankhe galimoto kapena kuikoka ndi thirakitala, pakuti madzi a m'silinda sapanikizika, ndipo mupinda zitsulo za m'kati. Masulani mapulagi onse anai, zunguzani ndi handulo kuti madzi aturuke, tsitsani oilo yense, ndipo mutume mwana kukaitana makaniko.