Phunziro 7: Vanishi Akakana Kuuma

Pomaliza phunziroli muyenera kudziwa chimene chimachititsa kuti vanishi azimata pa matabwa opaka siteni, komanso mmene mungakonzere.

Tiyerekeze kuti ophunzira anu anapaka tebulo la m'kalasi Lachisanu. Lolemba mwaikapo kaundula, ndipo pomunyamula chikuto chatsalira pomwepo. Ambiri amathamangira kupakanso vanishi wina pamwamba. Ayi, musatero. Kumeneko n'kutsekera vuto mkati.

Vanishi wamafuta sauma ngati chovala padzuwa. Poyamba tepentaini amene ali mkatimo amauluka, kenaka mafutawo amalimba akamakhudzana ndi okosijeni wa mumpweya. Ndiye mukapaka mochindikala, pamwamba pamachita kakhungu, pansi n'kukhalabe phala. Kuzizira kwa mu Juni ndi Julayi, ngakhalenso chinyezi cha m'dzinja, zimachedwetsanso kuuma.

Koma kawirikawiri wolakwa ndi siteni. Siteni amafunika alowe m'thabwa, wotsala pamwamba apukutidwe ndi kansalu, ndipo ngati ndi wamafuta papite maola osachepera 24 musanagwire bulashi. Ana sachedwa kutopa ndi kudikira, ifenso aphunzitsi chimodzimodzi. Polishi wakale, utomoni wa paini, vanishi wokhalitsa m'chitini, kapena kusungunula ndi parafini pofuna kupulumutsa ndalama, zonsezi zimabweretsa vuto lomweli.

Nanga mutani? Yambani n'kudikira. Ikani tebulolo pamthunzi podutsa mphepo, popanda fumbi, kwa sabata imodzi. Kenaka dinani ndi chikhadabo pamalo obisika. Ngati palimba, kwechani pang'ono ndi sandipepa yosalala, ya nambala 220 kapena 320, pukutani, mupake kamodzi mopyapyala.

Ngati pakadali pofewa, sandipepa muiwale kaye, ingodzaza phala. Pukutani ndi nsalu yonyowetsa tepentaini, mukusinthasintha nsaluyo. Zikakanika, palani vanishi yense ndi sikilepa motsatira mizere ya thabwa, mutsuke ndi tepentaini, muyambirenso likauma. Siteni wina achoka nawo, choncho konzekerani kupakanso kuti mtundu ufanane. Mawindo akhale otsegula, moto ukhale kutali. Nsalu zamafutazo musaziunjike pakona, zimatha kuyaka zokha. Ziyanikeni panja kapena zivikeni m'madzi.

Ntchito 1
Tengani tizidutswa tiwiri ta thabwa limodzi, mutipake siteni. Kena kapukuteni n'kudikira tsiku lathunthu, kena kapakeni vanishi patangotha ola limodzi osapukuta. Lembani zimene mwaona pa tsiku lachitatu, mutumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mutu uno.