Tinthu tosaoneka totsuka madzi

Lero ndikufuna tiphunzire za ma nanoparticle. Ndi tinthu ting'onoting'ono zedi: tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita pafupifupi 80,000, pomwe timeneti sitiposa 100. Ta siliva, akatipaka m'sefa zadothi, timapha tizilombo ta m'madzi. Ta titanium dioxide timaphwanya mankhwala a m'munda dzuwa likatiwomba.

Kwathu kuno m'munsi mwa Michesi nkhaniyi si yamasewera. Freddy atadutsa mu Malichi 2023, madzi osefukira anasakaniza zimbudzi ndi zitsime, kolera ili mkati.

Koma pali vuto. Tasilivato tikathawira mu mtsinje wa Phalombe, tingavulaze nsomba za ku Chilwa. Inu okonda chemistry, ndikukusiyirani funso: tingatitsekere bwanji m'sefamo?