Bwanji bambo akukumbukira zakale koma za dzulo ayi?

FUNSO

Bambo anga ali ndi zaka 74. Anali mphunzitsi wa pulayimale, ndipo mpaka lero amatchula mayina a ana amene anawaphunzitsa kalekale. Koma mukawauza lero kuti Lachinayi kuli msonkhano kutchalitchi, mawa aiwala. Mwana wanga wa ku koleji akuti vuto ndi glutamate wa mu ubongo, amene amachepa munthu akamakalamba. Mnzanga wina akuti glutamate yemweyo ali m'zokometsera ndiwo za m'sitolo, ndiye ndiziwathirira zambiri. Kodi n'zoona? Nanga tiyambe kuda nkhawa?

Mayi wa ku Ntcheu

YANKHO

Mayi, mwana wanuyo walasa pafupi. Kungoti chimene chimasintha kwambiri ndi ukalamba ndi timakomo timene timalandira glutamateyo, timene akatswiri amati ma receptor.

Ubongo wa munthu uli ndi maselo a minyewa pafupifupi 86 biliyoni. Pakati pa selo ndi linzake pamakhala kampata kakang'ono zedi, ndipo kuti uthenga uwoloke, selo la tsidya lino limatulutsa mankhwala amene la tsidya linalo limalandira. Mwa mankhwala onse odzutsa maselo mu ubongo, wamkulu ndi glutamate. Timakomo take tofunika pa nkhani yathuyi ndi tiwiri, AMPA ndi NMDA.

Ka AMPA kamatseguka msanga n'kutsekekanso msanga, uthenga n'kudutsa. Ka NMDA ndi kouma mutu. Kamakhala kotsekedwa ndi magnesium ngati chitseko cha mpiringidzo, moti glutamate akagogoda kamodzi sikatseguka. Uthenga ukabwera mwamphamvu kapena mobwerezabwereza, mpiringidzo uja umachoka, calcium n'kulowa m'selo. Calcium ameneyu ndiye amachititsa selo kuwonjezera timakomo ta AMPA pamalopo, ndipo mawa uthenga womwewo umadutsa mosavuta. Kuphunzira chinthu chatsopano kumayambira pamenepa.

Mu 1973 Tim Bliss ndi Terje Lømo anafalitsa zimene anapeza ku Oslo pa ubongo wa akalulu: njira ya uthenga ikagwiritsidwa ntchito mwamphamvu kwa kanthawi, imakhalabe yolimba kwa maola ambiri. Anaziona m'chigawo chotchedwa hippocampus, chimene chimalandira zatsopano. Mu 1986 Richard Morris ndi anzake anapatsa makoswe mankhwala otseka NMDA, ndipo makoswewo ankasambira bwinobwino m'thanki ya madzi koma analephera kuphunzira pamene panabisika popondapo. Ndiye mu 1999 Joe Tsien ku Princeton anachita zosiyana. Anachulukitsa kachigawo ka NMDA kotchedwa GluN2B mu ubongo wa mbewa, ndipo mbewazo zinkaphunzira msanga ndi kukumbukira nthawi yaitali kuposa zinzake.

Kachigawo ka GluN2B kameneka ndi kamene kamachepa ndi ukalamba, monga mmene kafukufuku wa mbewa ndi makoswe waonetsera. Khomo lokhala ndi kachigawoka limakhala chitsegukire nthawi yotalikirapo, calcium n'kulowa wambiri. Kakachepa, khomo limatsekeka msanga. Mankhwala ena otchedwa D-serine, amene amathandiza glutamate kutsegula NMDA, nawonso amachepa mu hippocampus ya makoswe okalamba. Carol Barnes anaonetsa mu 1979 kuti pa makoswe okalamba njira ija imalimba ndithu, koma imafooka msanga kuposa pa aang'ono. Ndi zimene mukuona pa bambo anu: uthenga wa Lachinayi umalowa, koma sukhazikika.

Nanga mayina a ana asukulu aja? Zakale zimene munthu wazibwereza zaka zambiri zinakhazikika kale m'zigawo zakunja za ubongo, ndipo sizidaliranso kwambiri hippocampus. Chondilimbitsa mtima pa nkhani yonseyi n'chakuti pa ukalamba wamba, wopanda matenda, maselo a mu hippocampus safa ambiri. Alipo. Chimene chafooka ndi kulumikizana kwawo, ndipo kulumikizana kumalimbitsika.

Za mnzanuyo, musatsatire. N'zoona kuti glutamate ali m'zakudya. Kikunae Ikeda wa ku Tokyo anapeza mu 1908 kuti ndi amene amakometsa msuzi wa ndere za m'nyanja, ndipo alinso mu tomato amene mumathira m'ndiwo tsiku lililonse. Koma wambiri wa m'chakudya amathera m'matumbo, ndipo ubongo uli ndi chotchinga chimene sichimulola kulowa mwachisawawa. Ubongo umapanga wakewake. Zokometserazo zili ndi mchere wambiri umene ungakweze BP ya bambo, ndipo BP yokwera imawononga timitsempha ta mu ubongo. Komanso glutamate akachuluka kunja kwa maselo amawapha, monga zimachitikira munthu akachita sitiroko. N'chifukwa chake memantine, mankhwala amene anavomerezedwa ku America mu 2003 pa matenda a Alzheimer ofika pakati kapena pamwamba, amagwira ntchito potchingako khomo la NMDA. Munthu woiwala chifukwa cha ukalamba chabe sapatsidwa mankhwalawa.

Chothandiza chili pafupi. Mu 2011 Kirk Erickson ndi anzake anatsatira okalamba 120 kwa chaka chathunthu. Amene ankayenda ndawala katatu pa sabata, hippocampus yawo inakula ndi pafupifupi 2 peresenti, pamene ya amene sankayenda ndawala inachepa. Choncho bambo musawaletse kupita kumunda kapena kuyenda wapansi kukaona anzawo pofuna kuwachitira chifundo. Azigona mokwanira. Ngati amamwa, achepetse, chifukwa mowa umafooketsa khomo la NMDA lomweli, ndiye chifukwa chake woledzera kwambiri sakumbukira za usiku. Powauza nkhani, zimitsani wailesi, khalani pamaso pawo, nenani chinthu chimodzi, iwo abwereze, kenako alembe okha pakalendala. Anali mphunzitsi, cholembera sichiwavuta.

Pali zizindikiro zimene simuyenera kuzengereza nazo. Akayamba kusochera panjira yopita kunyumba kwawo komwe, kufunsa funso limodzi kangapo m'mphindi zochepa, kulephera kuwerengera ndalama zimene ankawerengera bwino, kapena khalidwe lawo likasintha, pitani nawo kuchipatala. Ndikunena motsindika chifukwa m'midzi mwathu agogo oyendayenda usiku ndi kuyankhula zosamveka akhala akunamiziridwa ufiti, ena mpaka kuphedwa, pamene anali odwala. Kuchipatalako pemphani kuti awayeze BP, shuga, magazi, chithokomiro, HIV ndi chindoko, awaonenso makutu, pakuti zina mwa zoyambitsa kuiwala zimachizika. Mutenge mankhwala onse amene akumwa, kuphatikizapo azitsamba ndi ogonetsa tulo, mukawaonetse adokotala.