Kuthamangitsa Kompyuta: Poyambira Pake

Kuthamangitsa purosesa kuposa liwiro limene anaiikira kufakitale ndi mpikisano ndithu, ndipo opikisana amatumiza zotsatira zawo ku HWBOT. Langizo langa kwa oyamba kumene ndi lakuti muyambe mwayeza. Onani liwiro pa CPU-Z, yesani kompyutayo ndi Cinebench, lembani malikisi. Kenako kwezani liwiro pang'ono mu BIOS, n'kuyesanso.

Mdani wamkulu ndi kutentha. Purosesa ikatentha imadzichepetsera yokha liwiro, ndipo mukaipatsa magetsi opyola muyeso imapsa, ndalama n'kulowa m'madzi. Akatswiri amaiziziritsa ndi nayitulojeni wamadzi, wozizira madigiri 196 pansi pa ziro. Ife kuno ku Mpingwe timadalira fani ndi chiperoni, n'chifukwa chake ine ndimayesa mu Juni, osati mu Okutobala.