Kodi kunyamula zolemera n'kwa anyamata okha?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 58, ndimakhala ku Pembamoyo kuno ku Vubwi. Chisiyireni kupita kumwezi, mawondo sakundimvera. Ndikakhala pamphasa ndimadzuka chogwira khoma. Anamwino anati ndizilimbitsa thupi. Mnyamata wanga ali ndi zitini ziwiri zimene anathiramo simenti n'kuzilumikiza ndi chitsulo, ndiye ndinayesako kuseri kwa nyumba. Bambo akunyumba atandiona anati ndikufuna kusanduka mwamuna, komanso chiberekero chidzatsika. Anzanga akumpingo akuti khasu likukwanira, ukalamba sauthawa. Kodi ndisiye?

Mayi wodandaula, Pembamoyo

Amayi,

Musasiye ayi. Koma zitinizo zisiyeni kaye, mwini wake anazipangira mapewa ake.

Tiyambe ndi bambowo. Chigubu cha malita 20 chikadzaza madzi chimalemera makilogalamu 20. Mwachisenza zaka zingati kuchokera kumjigo? Sindikhulupirira kuti anakuimitsanipo panjira poopa kuti musanduka mwamuna. Mukamanyamulira banja, anthu amati ndi ntchito. Mukangoti munyamulire thupi lanu, pomwepo manyazi abuka. Zimenezi n'zimene zimabweza amayi ambiri, osati kulemera kwa chitsulo. Za kusanduka mwamunazo musade nazo nkhawa: thupi la mayi lili ndi mahomoni achimuna ochepa kwambiri, moti minofu imalimba popanda kutukumuka. Catherine Phiri atatenga lamba wa nkhonya wa WBC ku Mexico mu 2016, si tonse tinamuombera m'manja?

Anzanuwo sakunama kwenikweni, khasu limalimbitsadi. Koma khasu n'lanyengo, ndipo limakuweramitsani tsiku lonse osakulimbitsani ntchafu, zimene zimadzutsa munthu pansi. Minofu imayamba kuchepa munthu akapitirira zaka 30, ndipo akafika 60 imachepa mofulumira. Mayi akasiya kumwezi, mafupa nawo amayamba kufooka, n'chifukwa chake agogo ena akangoterereka pakhonde amathyoka m'chiuno. Komatu minofu siiwerenga zaka. Mu 1990, dokotala Maria Fiatarone wa ku Boston anayesa nkhalamba 10 za zaka pafupifupi 90. Zitalimbitsa miyendo kwa milungu 8, zimene zinamaliza zinali ndi mphamvu zoposa kuwirikiza kawiri. Inu wa 58 mukadali mtsikana pamenepo! Nalo bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu aliyense azilimbitsa minofu masiku osachepera awiri pamlungu.

Yambani ndi mpando wolimba, muutsamiritse kukhoma. Khalani, dzukani osagwira mawondo, kenaka khalaninso pang'onopang'ono, osadzigwetsa. Kakhumi, mupume, mubwereze. Zikakanika, gwirani pang'ono ndi dzanja limodzi mpaka miyendo izolowere. Mukatero ikani manja pakhoma ndi kudzikankha kakhuminso. Pomaliza tengani zigubu ziwiri za malita 5, muthire madzi theka, muyende nazo kuzungulira nyumba msana uli chilili. Zikayamba kupepuka, onjezerani madzi. Chinsinsi chagona pa kuonjezerako, chifukwa katundu amene thupi lazolowera salilimbitsanso. Muzichita zimenezi masiku awiri pamlungu, ndipo pakati pa masiku awiriwo pazikhala tsiku lopuma.

Bambowo musakangane nawo. Apempheni adzuke pampandopo kakhumi osagwira, mwina mupeza woyenda naye. Akakana, kopani mnzanu mmodzi wakumpingo. Awiri sasekedwa ngati mmodzi, ndipo tsiku la ulesi wina amadzutsa mnzake.

Nkhani ya chiberekero siyoseka, makamaka kwa mayi amene anabereka kangapo. Ponyamula muzitulutsa mpweya, osaugwira n'kumadzikakamiza. Ngati mkodzo umadontha mukatsokomola, kapena mumamva kulemera kumusi, pitani kukiliniki akakuoneni musanaonjezere katundu. Akakupimeninso BP ndi shuga. Kuwawa kwa minofu mawa lake n'kwabwinobwino, koma mukamva kubaya m'bondo, chizungulire kapena kupweteka pachifuwa, siyani pomwepo mukaonane ndi achipatala.

Pambale napo pasinthe. Soya ndi nsawawa zimene mumalima musagulitse zonse kwa ogula am'misewu. Nyemba, kapenta ndi mazira zizifikanso m'mbale yanu, osati ya bambo ndi ana okha.

Lero werengani kuti mukudzuka kangati pampando musanatope, mulembe pakalendala. Ikatha milungu 8 mudzawerengenso, mundilembere.

Azakhali